Botolo la amake Douglas

Amene sanatcholepo tiyi amaganiza kuti ntchitoyi ndi ya zala. Si ya zala ayi, ndi ya mapewa. Zala zimangobudula masamba awiri ndi kansonga, koma dzanja likadzaza liyenera kukwera, kudutsa khutu, n'kuponya masambawo m'dengu lomwe lili kumsana. Kuyambira m'mawa mpaka sikelo yomaliza, dzanja limangokwera ndi kutsika. Munthu amene mapewa amukana analibe ntchito pa esiteti, ndipo wopanda ntchito analibe nyumba. Palibe anatiwerengerapo lamuloli papepala, koma ngakhale ana ankalidziwa.

Ine ndine Alesi, amake Emma. Ndinafika pa esiteti ina ya ku Thyolo mu 1946, nditangokwatiwa ndi a Everson, amene ankagwira ntchito yodulira tiyi. Tsiku langa loyamba kumunda, kapitawo anandiika mzere woyandikana ndi mayi wina wamfupi, wowonda, wosayankhulayankhula. Pofika masana iwo anali atapita kusikelo kawiri, ine dengu lisanafike n'pakati pomwe, chifukwa masamba ambiri ndinkawaponya pansi kumbuyo kwanga. Sanandiseke. Anatapa masamba m'dengu mwawo katatu n'kuthira mwanga, kenako anandigwira chigongono n'kundionetsa pomwe dzanja limayenera kudutsa. Amenewo anali a Tabita, koma kumalaini, kunyumba za antchito, tonse tinkati amake Douglas.

Anawoloka Ruo ali kamtsikana, makolo awo akuthawa Apwitikizi, ndipo anakulira m'tiyi momwemo. Mudzi woti n'kuloza kuti kwathu ndi uko analibe. Amuna awo a Morton anamwalira chaka cha njala, mu 1949, n'kuikidwa kumanda a pa esiteti, kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Douglas, mwana yekhayo amene anakula, anapita ku Joni, analemba makalata awiri, basi n'kutchona. Chimene anatsala nacho chinali kanyumba ka chipinda chimodzi kumapeto kwa laini, mtengo wa mapeyala pakhomo, ndi kanjira kopita kumanda komwe ankalambula okha mwezi ndi mwezi.

Vuto lawo linali limodzi, ngati tingalitche vuto: sankadziwa kumana. Mchere wa laini yonse unkachokera m'nyumba mwawo. Mapeyala ankatha asanapse bwino, ana athu atatenga. Ndikawakalipira kuti adzafa opanda kanthu, ankangoti kupatsa n'kuika, n'kupitiriza zomwe akuchita. Ine ndinali wa pakamwa, iwo a manja, ndipo tinkagwirizana choncho.

Matenda anawayamba mu June 1958, chiperoni chitagwira sabata yathunthu. M'mawa wina sanatuluke belu litalira. Ndinawapeza atakhala pamphasa, duku lili pamiyendo, akuliyang'ana ngati la mwini. Anati manja akukana kufika kumutu. Anati pofuna kudzuka anachita kugubuduka mpaka kukhoma, chifukwa m'chiuno ndi m'mapewa munali mutauma gwa. Ndinawamanga dukulo ndine, ndinawakwezanso dengu kumsana ndine.

Choipa cha matendawa chinali chakuti ankalekerera dzuwa likakwera. Cham'ma leveni mapewa ankayamba kumasuka, ndiye kapitawo wathu, a Sitefano, akamadutsa masana ankapeza munthu akutchola ndithu. Ankati nanga odwalawo ndi ati? M'mawa, pamene misozi inkatuluka yokha poponya dzanja loyamba, iwo ankakhala ali kusikelo. Kudisipensale ya pa esiteti anawapatsa asipirini ndi mankhwala opaka onunkha, osathandiza. Kwa sing'anga anawatema mphini m'mapewa monse, nazonso osathandiza. Masamba awo anayamba kuchepa pasikelo, ndipo a Sitefano anawauza poyera kuti nyumba za kumalaini ndi za anthu ogwira ntchito.

Anthu akutchalitchi ndi amene anatipezera malo pa lole yonyamula tiyi, n'kutitsitsa pafupi ndi chipatala cha mishoni. Adokotala anali mzungu wamtali wa magalasi. Anawauza kuti akweze manja, manja analekera pachifuwa. Anawatenga magazi n'kuwaika m'kagalasi kowonda, n'kutiuza kuti tidikire ola lathunthu. Atabwerera anayankhula nthawi yaitali, ndipo anesi, a Rhoda, mayi wa kwa Goliati wolankhula mosapsatira, ndi amene ankatimasulira.

A Rhoda anati dzina la matendawa n'lalitali, lachizungu, koma tingoti nyamakazi ya m'mapewa ndi m'chiuno, yogwira anthu achikulire. Anati adokotala sanaione kawirikawiri kuno. Anati mankhwala ake alipo, atsopano, otchedwa puredinizoni, ndipo chipatala chinali ndi ochepa otumizidwa kuchokera kunja. A Tabita anamvetsera zonsezo, kenako anafunsa funso limodzi lokha.

"Nanga zitha liti, anesi?"

A Rhoda anafunsa adokotala, adokotala anatambasula manja. Yankho linali lakuti mwina zaka ziwiri, mwina zitatu, ena zimapitirira, ndipo palibe angadziwiretu. Mankhwalawo sachotsa matenda, amangowagoneka. Matenda amachoka okha tsiku lomwe afuna. Pakadali pano amwe timapiritsi titatu m'mawa uliwonse atadya kanthu, ndipo azibwera mwezi ndi mwezi kuti tizichepetsedwa pang'onopang'ono. A Rhoda anagogoda botolo patebulo n'kunena zinthu ziwiri: asadzasiye mwadzidzidzi, chifukwa thupi likazolowera limaleka kudzigwira lokha, ndiponso asadzapatseko munthu wina. Ine ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa.

Tsiku lachitatu m'mawa ndinamva tsache panja. Nditasuzumira ndinaona a Tabita akusesa pakhomo, duku atamanga okha. Ataona kuti ndikuwayang'ana anakweza manja onse awiri kumwamba ngati akuimba kwaya. Sabata imeneyo anabwereranso kukhala oyamba kusikelo. Laini yonse inaona, ndipo nkhani inafika mpaka kumalaini akufakitale kuti amake Douglas ali ndi timapiritsi todzutsa munthu masiku atatu.

Muyenera kumvetsa mmene tinkakhalira. Kumalaini mankhwala sanali a munthu mmodzi. Wina akalandira kwinini, theka linkapita kwa mwana wa mnzake. Wina akapeza muzu wa m'mimba, unkayenda nyumba ndi nyumba mpaka kutha. Kubisa mankhwala mnzako akubuula kuseri kwa khoma chinali chinthu chochititsa manyazi, chonga ufiti. Ndipo pa esiteti panalibe munthu wopanda pomupweteka.

Woyamba kupempha ndinali ine. Ndikunena chifukwa ndi zoona. Inali nyengo yodulira, a Everson ankabwera msana utawerama, osatha n'kuvula malaya komwe. Ndinadziuza kuti tiwiri tokha si kanthu. Ndinapita madzulo ena, ndinazungulirazungulira nkhani, iwo anandidula n'kutsegula botolo. A Everson anamwa, anati mwina zathandiza, mwina ayi. Koma amake uje anandiona ndikutuluka nditafumbata dzanja, ndipo m'mawa mwake analinso pakhomopo. Pambuyo pawo panabwera wa bondo, wa dzino, wa mwendo wotupa. A Tabita sanabweze ndi mmodzi yemwe.

Miyezi iwiri yoyamba anabisa bwino. Ankamwa tiwiri m'malo mwa titatu, tsiku lina n'kudumphitsa, ndipo kuchipatala ankafika botolo lili lopanda kanthu monga linayenera kukhalira. Mwezi wachitatu botolo linatha kutatsala masiku asanu ndi anayi. Sanandiuze. Ankaona kuti achira, ndiye masiku ochepawo angopirira. Tsiku lachiwiri mapewa anauma. Lachitatu anayamba kusanza ndi kukana chakudya. Lachinayi anakakamira kupita kumunda poopa a Sitefano, ndipo ndili mzere wanga ndinangomva dengu likugwa. Ndinawapeza ali gone pakati pa tiyi, thupi lozizira, maso atatembenuka.

Amuna anayi anawanyamula pamachira, ine ndikuthamanga pambuyo. Kuchipatala anawabaya jakisoni, anawaika madzi, ndipo anakhala masiku khumi. A Rhoda atamva zomwe zinachitika anakalipa mpaka odwala ena anadzuka pamabedi. Anafunsa kuti anthu opanda chisoni amene ankapempha mankhwala a munthu wodwala ndi ndani. A Tabita anati sakuwakumbuka. Ine ndinali chilili pomwepo, ndikuyang'ana pansi, ndipo sindinatsegule pakamwa panga potchuka paja.

Ndiye taonani zomwe a Rhoda anachita. Anatenga botolo n'kundipatsa ine. Anati popeza mayiwa satha kukana, botolo lizikhala kwa munthu wouma mtima, ndipo pondiyang'ana anaona kuti ndine woyenera. Adokotala anati ayambirenso pamwamba, timapiritsi tinayi, ndipo ulendo wotsika uyambe mwatsopano.

Kuyambira pamenepo botolo linkagona m'thumba lomwe ndinasokera mkati mwa chilundu changa. M'mawa uliwonse, belu lisanalire, ndinkapita ndi kaphala ndi timapiritsi ta tsikulo, n'kuimirira mpaka ameze. Pomwe anayamba kuchepetsa, ndinkadula ndi lezala pa mbale yachitsulo, poyamba pakati, kenako kanayi, n'kumatola tizidutswa ndi chala chonyowa kuti pasatayike kanthu. Anthu ankabwerabe. Ndinkawabweza, ena mwaulemu, ena ayi. Ndinatchedwa waumbombo, ndinatchedwa dokotala wa kumalaini, ena anasiya kundipatsa moni. Zimenezo sizinandipweteke kwenikweni. Chinkandipweteka n'kuona a Tabita akuwerama ndi manyazi wina akabwezedwa pakhomo pawo, n'kumuthamangira ndi mapeyala kuti asapite chimanjamanja.

A Tabita atatuluka m'chipatala, a Sitefano anawachitirako chifundo. Anawaika kushedi ya sikelo, kusankha masamba okhwima atakhala pansi. Ntchito imeneyo ikanawasunga mpaka matenda atatopa. Koma mankhwala aja ali ndi khalidwe lake. Pofika chaka chachiwiri nkhope ya a Tabita inadzaza, masaya anatukuka, kumbuyo kwa khosi kunamera kalinunda, mimba inatuluka. Munthu amene moyo wake wonse anali wowonda anaoneka ngati mkazi wa kalaliki. Azimayi ankawayamikira kutchalitchi kuti anenepa bwino, Mulungu wawakumbukira. Palibe ankayang'ana miyendo, imene inkaonda mwezi ndi mwezi, kapena khungu la m'manja lomwe linkang'ambika akangokhudza kamtengo.

Mvula itayamba, tiyi ataphuka moti manja ankachepa, a Sitefano anaima pashedi n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Anati munthu wonenepa chonchi sangamakhale pansi pomwe ena owonda akunyowa kumunda. Ndinawauza kuti si kunenepa, ndi mankhwala. Anaseka, n'kuti ngati alipo mankhwala onenepetsa, awagawireko. Ndinapempha a Rhoda kalata, analemba, ndinakaipereka kuofesi. Kalaliki anaiwerenga, anasuzumira pawindo n'kuona masaya aja, n'kuiika pansi pa mabuku. A Sitefano sanali munthu woipa kuposa akapitawo ena. Anakhulupirira maso awo, monga tonse tinaleredwera kuti wonenepa ndiye wathanzi.

A Tabita anabwerera kumunda. Ndinkatchola mzere woyandikana nawo monga kale, koma tsopano wothira masamba m'dengu la mnzake ndinali ine. Zaka ziwiri zomwe adokotala ananena zinakwana. Tinali titatsika mpaka piritsi limodzi, kenako theka ndi kachidutswa, ndipo tinayamba kuwerenga masabata. M'mawa wina ndinawapezanso duku lili pamiyendo. Tinabwerera kuchipatala, magazi m'kagalasi anasonyeza kuti matenda akadali maso, ndipo anatikwezanso pa tiwiri. Zinachitika choncho kawiri. Ulendo uliwonse a Tabita ankafunsa funso lawo lija, ndipo a Rhoda, amene poyamba ankayankha msanga, anayamba kumayang'ana kumbali.

Ndinafunsapo a Rhoda patokha ngati kugawa kuja n'kumene kunatalikitsa matendawa. Anati mwina ayi, matendawa amatenga nthawi yawo ngakhale kwa osamala. Koma anatinso miyezi yomwe anabwerera pa timapiritsi tinayi sinawachitire bwino mafupa. Sindinadziwe kuti nditenge liti mwa mayankho awiriwo, ndipo mpaka lero ndimayenda nawo onse.

Mu February 1961, tsiku la mvula, a Tabita anawerama kuti akweze dengu lodzaza masamba onyowa. Ndinamva kulira kwawo, kamodzi kokha, kenako anagwada. Kuchipatala anati fupa la msana laphwanyika lokha, chifukwa mankhwala omwe ankakweza manja awo ankadyanso mafupa mwakachetechete. Adokotala anavula magalasi n'kufotokoza kudzera mwa a Rhoda kuti akachepetsa msanga, mapewa auma, akapitiriza, mafupa ena atsatira. Ndinafunsa kuti ndiye tichite chiyani. Anati tipitirize kutsika pang'onopang'ono, ndipo tidikire. Ndinakwiya, koma ndinasowa womukwiyira.

A Tabita anatuluka m'chipatala patapita milungu isanu ndi umodzi, atafupika, akuyendera ndodo. Dengu sakanalisenzanso. Ndinapita kwa a Sitefano kukapempha malo aja a kushedi, anati analowapo wina. Ndinapempha kuti tiwatenge m'nyumba mwathu, ngakhale tinali kale asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi. Kuofesi anafunsa ngati ndi mayi anga kapena apongozi. Ndikanatha kunama, koma kalaliki ankatidziwa tonse. Anawapatsa mpaka kutha kwa mwezi.

Anthu akutchalitchi anafufuza n'kupeza mdzukulu wa mlongo wa a Morton ku Khonjeni, amene anavomera kuwasunga m'kanyumba kophikira. Tsiku losamuka laini yonse inatuluka. Onse aja anamwa timapiritsi tawo analipo, ena akulira, koma panalibe amene akanatha kuchita kanthu, nawonso nyumba sizinali zawo. Katundu yense anakwana pa njinga imodzi. A Tabita anapempha kuti tidutsire kumanda, ndipo anaima pamenepo atatsamira ndodo, ine n'kulonjeza kuti kanjirako ndizikalambula. Botolo ndinalipereka kwa mkazi wa mdzukuluyo pamodzi ndi lezala, ndipo ndinamuonetsa kadulidwe kake katatu mpaka anatopa nane.

Ndinakawaona mu September, tiyi atachepa. Ndinawapeza atakhala pakhonde la kanyumbako, akusenda nandolo za eni nyumba. Nkhope inali itayamba kubwerera mwakale. Atandiona sanadikire n'moni womwe. Anaika lichero pansi n'kukweza manja onse awiri, pang'onopang'ono, kudutsa makutu, mpaka pamwamba pa mutu.

"Taonani, amake Emma. Atha. Mwezi wachiwiri uno osamwa kanthu."

Anesi anali atawauza kuti magazi ayera, matenda achoka. Anachoka okha monga ananenera adokotala, patatha zaka zitatu ndi miyezi ingapo, nyumba itapita kale. Manjawo anawasiya m'mwamba kanthawi, akuwayang'ana, kenako anawatsitsa n'kutolanso lichero.

Anafunsa za anthu onse a kulaini mmodzimmodzi. Anafunsa ngati msana wa a Everson ukuvutabe. Pamenepo ndinalephera kudzigwira, ndinawauza kuti ndine ndinayambitsa, ndipo ndinakhala chete pamaso pa a Rhoda. Anandiyang'ana modabwa, n'kuti ndikanapanda kubwera ine akanabwera wina, ndipo akanamupatsabe. Kenako anafunsa kuti m'nyumba muja mukukhala ndani, ndipo ngati mapeyala abereka. Ndinayankha. Pomaliza anafunsa ngati kanjira ka kumanda kakuonekabe. Ndinati eya, kakuoneka. Linali bodza, udzu unali utatseka kale, ndipo ine wolonjeza kulambula ndinali nditapitako kamodzi kokha.

Nditatsanzika anandiuza kuti ndidikire. Analowa m'kanyumba muja ndi ndodo yawo, ndinamva akusuntha miphika, n'kutuluka ndi botolo lija. Anali atalitsuka n'kuthiramo mchere, wosafika n'pakati pomwe, ndipo ndikudziwa kuti unali wa eni nyumba. Ndinakana. Anandigwira chigongono, pomwe paja anandigwira tsiku langa loyamba kumunda, n'kundifumbatitsa.

"Pakhomo panga munthu sachoka chimanjamanja," anatero. Kenako anayang'ana kanyumba kaja, n'kudzikonza okha: "Kaya n'pakhomo pa yani."

Anamwalira chaka chotsatira, nyengo ya mvula, ndipo anaikidwa ku Khonjeni komweko. Uthenga unatipeza maliro atapita kale. Loweruka dzuwa litalowa ndinanola khasu, m'mawa mwake ndinakalambula kanjira kaja mpaka pamanda a a Morton, ndipo pambali pawo malo oti agone a Tabita anali akadalipo.